Njinga, katungwe ndi namondwe: zodabwitsa 12 za m'kalasi ya classical mechanics

Mwana amene wakhoza bwino fizikisi pa mayeso a Fomu 4 amalowa ku yunivesite ali ndi mtima wakuti nkhani ya kayendedwe ka zinthu anathana nayo kale. Malamulo atatu a Newton amawalakatula ngati vesi la pamtima. Chaka choyamba sichimutsutsa kwenikweni, poti zambiri ndi zomwe zija, kungothiramo calculus. Zinthu zimatembenuka m'chaka chachiwiri kapena chachitatu, pa phunziro limene amalitcha classical mechanics. Zophunzira zake si zachilendo ayi: katungwe, njinga, nguli, ndowa ya pamutu, mwezi. Koma ukaziwerengera mosanyengerera, zinthu zimene wakula nazo zimakuonetsa kuti sunazidziwe. Pa maphunziro onse a fizikisi, ili ndi limene ndimalikonda ndi mtima wonse, ndipo izi ndi zina mwa zimene zinandikoka.

1. Amene analemba F = ma si Newton

Buku lake la Principia, limene linatuluka mu 1687 m'Chilatini, ladzaza ndi mizere, makona ndi zojambula za geometry, ndipo lamulo lachiwiri analifotokoza m'mawu. Kalembedwe kamene timakadziwa lero, kogawa kayendedwe m'mbali zitatu n'kuthetsa ndi calculus, anakakhazikitsa ndi Leonhard Euler wa ku Switzerland cha m'ma 1750, Newton atamwalira kale mu 1727. Zambiri zimene m'kalasi timati "za Newton" ndi thukuta la anthu amene anadza pambuyo pake.

2. Buku lalikulu la phunziroli lilibe chithunzi ngakhale chimodzi

Ku sekondale anatizoloweza kuti funso lililonse tiziyamba ndi kujambula: kabokosi, muvi woloza pansi, muvi woloza m'mwamba, wina wa m'mbali. Joseph-Louis Lagrange, wobadwira ku Turin, anatulutsa Mécanique analytique ku Paris mu 1788, ndipo m'buku lonselo mulibe chojambula. Anachita dala, ndipo ankanyadira.

Apa Chichewa chathu chimafuna kuchisamala, chifukwa mawu amodzi akuti "mphamvu" timatchulira zinthu ziwiri zosiyana. Force ndi kukankha kapena kukoka, ndipo imakhala ndi kumene yaloza. Energy ili ngati nkhokwe imene chinthu chili nayo chifukwa cha liwiro lake kapena malo amene chili. Ilibe kumene yaloza, ndi nambala chabe. Newton amayenda ndi force. Njira imene lero imadziwika ndi dzina la Lagrange imayenda ndi energy: utenge ya liwiro, uchotsepo ya malo, chotsalacho uchilowetse mu equation imodzi, basi kayendedwe konse katuluka.

Ndimakumbukira funso limene linanditembenuza mtima. Kabokosi kakutsetsereka pa thabwa lopendekeka, koma thabwalo nalo lili pa matayala, likuthawira kumbuyo. Ndinalimbana nalo usiku wonse ndi mivi ya Newton, masamba atatu a kope ali bii ndi pensulo. M'mawa mwake aphunzitsi anatenga choko n'kusankha zinthu ziwiri zokha, mtunda umene thabwa layenda ndi mtunda umene kabokosi katsika, ndipo asanafike pakati pa bolodi yankho linali poyera. M'kalasi munangoti zii. Kukankhana kwa kabokosi ndi thabwa, kumene kunandidyera tulo, sikunaonekemo n'komwe.

3. Njira yowongoka si imene imafikitsa msanga

Mu 1696 Johann Bernoulli anaponyera funso akatswiri a masamu a ku Ulaya. Mkanda ukutsetsereka pa waya kuchoka pamwamba kupita pamalo ena a m'munsi chapatali. Wayayo apindidwe bwanji kuti mkandawo ufike mwachangu koposa? Mutu umathamangira kunena kuti asapindidwe. Ayi ndithu. Mkanda umafika msanga ukayamba wagwa chaphompho, n'kutola liwiro, kenaka n'kuyenda chopingasa, ndipo nthawi zina njirayo imatsika kupitirira kumene ukupita n'kukweranso. Mpindiko umenewu umatchedwa cycloid, ndipo mukhoza kuuona madzulo ano. Pakani choko pamalo amodzi m'mphepete mwa tayala la njinga, wina aikankhe, inu muyang'ane njira imene kadontho koyerako kakudutsa. Mukaitembenuza chagada ngati mbale, ndiyo imeneyo.

Newton, amene nthawiyo ankayang'anira nyumba yosula ndalama ku London, analandira funsoli mu Januwale 1697, ndipo akuti analithetsa usiku umodzi. Masamu amene anabadwira pa funsoli, osankha njira imodzi pakati pa njira zosawerengeka, ndi amene William Rowan Hamilton wa ku Dublin anamangapo mfundo yake mu 1834, yofupikitsa malamulo onse a kayendedwe kukhala lamulo limodzi losankha njira.

4. Nambala ya 9.81 si yathu kuno

Tonse tinaloweza kuti chinthu chikamagwa, liwiro lake limakwera ndi mamita 9.81 pa sekondi, sekondi iliyonse. Nambalayi ndi ya madera ngati London ndi Paris. Ku Zomba, ku Lilongwe, ku Chipata ndi ku Tete ili pafupi ndi 9.78, pamene kunsonga za dziko imafika 9.83. Zifukwa n'ziwiri: dziko ndi lonenepa m'chiuno, ndiye ife oyandikana ndi ikweta tatalikirana pang'ono ndi pakati pake, komanso kuzungulira kwa dziko kumatipepukitsako. Jean Richer anakumana nazo mu 1672, atanyamula wotchi ya pendulamu kuchoka ku Paris kupita ku Cayenne, ku South America, n'kupeza kuti ikutsalira ndi mphindi ziwiri ndi theka tsiku lililonse. Choncho wophunzira wa kuno akayeza mosamala mu labu n'kupeza 9.78, asafufute kuti zifanane ndi buku. Wolondola ndi iyeyo.

Pendulamu yomweyo ili ndi zina zimene sitinauzidwe. Fomula ya ku sekondale imati nthawi ya kupita ndi kubwera sidalira kumene mwaikokera. N'zoona mukaikoka pang'ono pokha. Mukaikweza mpaka chingwe chigone chopingasa, ulendowo umatalika ndi pafupifupi 18 pa 100. Ndipo mwana woimirira pa katungwe, amene amanjuta kumapeto n'kudzuka akafika pakati, akuchita chimene mabuku amati parametric resonance: palibe womukankha, koma akukweza thupi lake kawiri pa ulendo uliwonse, pa nthawi yeniyeni imene chingwe chakungika kwambiri.

5. Chingwe ndi chitsulo zingakuuzeni pamene muli pa dziko

Mu 1851 Léon Foucault anapachika mpira wolemera makilogalamu 28 pa waya wa mamita 67 m'nyumba ya Panthéon ku Paris. Anthu anaona mzere umene mpirawo unkalendewera ukusuntha pang'onopang'ono, pafupifupi madigiri 11 pa ola, popanda woukhudza. Ankaona dziko lenilenilo likuzungulira kunsi kwa mapazi awo. Liwiro la kusunthaku limadalira kutalikirana kwa malo ndi ikweta. Ku Paris mzerewo umabwerera pamalo pake patatha maola pafupifupi 32. Mutaupachika ku Zomba ungasunthe madigiri 4 okha pa ola, ungafune maola pafupifupi 90, ndipo ungazungulire mosemphana ndi wa ku Paris. Pa ikweta penipeni sungasunthe n'pang'ono pomwe. Kwa ife kuno, kuona maso a nkhono n'kudekha.

6. Anamondwe a kuno amapota mosiyana ndi a ku America

Amene anaona zithunzi za setilaiti za namondwe wa Freddy, amene anatisiya m'misozi mu Marichi 2023, kapena wa Idai mu 2019, anaona mitambo itapota motsata mivi ya wotchi. A ku Florida ndi ku Japan amapota mobwerera. Masamu ake analemba ndi Gaspard-Gustave de Coriolis mu 1835, ndipo iyeyo sankaganiza za nyengo koma za makina ozungulira ngati magudumu a madzi. Pa dziko lozungulira, choyenda chilichonse chimaoneka ngati chikukhotera kumanzere kuno kummwera, ndi kumanja kumpoto kwa ikweta. Mphepo yothamangira pakati pa namondwe imaphonya pakatipo n'kuyamba kuzungulira. N'chifukwa chake anamondwe sabadwira pa ikweta penipeni, poti pamenepo chokhotetsacho palibe. Koma musamvere onena kuti madzi a m'sinki amatsata lamuloli. Sinki ndi yaing'ono kwambiri, madzi ake amatsata mmene anathiridwira ndi mmene sinkiyo inapangidwira.

7. Buku loponyedwa m'mwamba limadzipotoza lokha

Mangani buku ndi kamphira kuti lisatseguke. Liponyeni likuzungulira chafulati ngati mbale: lizungulira bwinobwino. Liponyeni likupota motsata utali wake ngati chitsononkho chogubuduzika: bwinobwinonso. Tsopano ligwireni kumunsi, chikuto chili kumwamba, muliponye kuti kumutu kwake kutembenukire kwa inu kamodzi. Likamatera m'manja, kawirikawiri mupeza chikuto chayang'ana pansi. Lapotoka lokha lili m'malere, inu musanalitume.

Chinthu cholimba chilichonse chili ndi mizere itatu imene chingazungulirepo, ndipo mbali zake zikakhala zosiyana ngati za buku, mzere wapakati ndi wosakhazikika: kukhota kochepetsetsa kumakula msanga. Ma equation a Euler amaonetsa izi m'mizere yochepa, ndipo Louis Poinsot anazifotokoza mu 1834. Komabe Vladimir Dzhanibekov anadabwa mu 1985, ali m'chombo cha Salyut 7, ataona nati ya mapiko imene anamasula ikuyandama ikupota, kenaka n'kutembenuka mwadzidzidzi, n'kupotabe, n'kutembenukanso, osalekeza.

8. Chimene chimaimika njinga si chimodzi

Kankhani njinga yopanda munthu pamalo otsetsereka pang'ono. Ikatola liwiro imayenda yokha, ndipo ngakhale muigunde m'mbali imadzandira n'kuwongokanso. Kwa zaka zambiri mabuku ankati chinsinsi ndi matayala ozungulira, amene amakana kugwa ngati nguli. Mu 1970 David Jones wa ku Britain anamangirirapo gudumu lina lozungulira mobwerera kuti afafanize mphamvu ya nguliyo, ndipo njingayo anaikwerabe. Ena anati ndiye chinsinsi ndi kapendekedwe ka foloko, kamene kamachititsa kuti tayala lakutsogolo liponde pansi kumbuyo pang'ono kwa mzere wa chiwongolero. Mu 2011 akatswiri a ku Delft ndi ku Cornell anapanga kanjinga kopanda zonse ziwirizi, ndipo kanayenda kokha osagwa. Chofunika n'chakuti njinga ikayamba kugwera mbali ina, handulo ikhotere mbali yomweyo msanga, matayala abwerere pansi pa katundu. Njira zochititsa zimenezi n'zingapo, kuphatikizapo mmene kulemera kwagawidwira kutsogolo.

Nachi china chimene wakabaza aliyense amachita osaganizira. Kuti akhotere kumanzere, amayamba wapotoza handulo pang'ono kumanja, njinga ipendekere kumanzere, kenaka n'kulowa pakhonapo. N'chifukwa chake ukapalasa m'mphepete mwenimweni mwa ngalande kumavuta kuchokamo: kuti uithawe, tayala liyenera kuyamba lasendera komweko. Ndikaona mnyamata akutsika chitunda ndi matumba atatu a makala, mikono yake ikuthetsa ma equation amene Francis Whipple analemba ku Cambridge mu 1899, ndimamupatsa ulemu.

9. Mayi wosenza ndowa ndi pendulamu yozondoka

Munthu akamayenda, thupi limakwera pamwamba pa mwendo woponda n'kugwera kutsogolo, ngati pendulamu yoimikidwa chadodolido. Energy ya liwiro imasanduka ya malo, ya malo n'kubwereranso kukhala ya liwiro, ndipo mwa njira iyi munthu amabweza pafupifupi 65 pa 100 pa phazi lililonse limene waponda. Akatswiri amene anayeza amayi achiluo ndi achikikuyu ku Kenya, m'kafukufuku amene anatuluka mu 1986 ndi mu 1995, anapeza kuti amayiwo ankasenza katundu wofika gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa thupi lawo popanda thupi kufuna mpweya wowonjezera, chifukwa akasenza, ena ankabweza mpaka pafupifupi 80 pa 100. Kafukufuku wina wa pambuyo pake ku South Africa anaonetsa kuti si amayi onse amene amapepukidwa chotere, ndipo ambiri anadandaula za khosi. Choncho nkhaniyi isakhale chifukwa chosiyira mjigo kutali ndi mudzi. Koma luso lilipo ndithu, ndipo lili m'kayendedwe, osati pa nkhata pokha.

10. Mumlengalenga, ukafuna kupeza amene ali patsogolo, ponda buleki

Mu Juni 1965 James McDivitt, akuyendetsa chombo cha Gemini 4, anafuna kuyandikira chidutswa cha roketi imene inakweza chombocho. Anachita zimene dalaivala aliyense angachite: analoza kumene chinali n'kuwotcha mafuta. Chidutswacho chinkangotalikira, mpaka anagonja atawononga mafuta ambiri. Ukamazungulira dziko n'kuwonjezera liwiro, umakwera m'njira yapamwamba, imene ndi yaitali ndipo imadya nthawi, ndiye umatsalira. Ukachepetsa liwiro umatsikira m'njira yamkati, yaifupi ndi yachangu, n'kumupeza mnzako cham'munsi. Pofika Disembala chaka chomwecho oyendetsa zombozi anali ataphunzira, ndipo Gemini 6A inayandikira Gemini 7 mpaka kutsala masentimita pafupifupi 30.

Pomwepa tikonzenso bodza lofala lakuti kumwambako kulibe mphamvu yokoka ya dziko. International Space Station, imene ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 400, imakokedwa ndi pafupifupi 90 pa 100 ya mphamvu imene ikutikoka ife pano. Anthu a m'menemo amayandama chifukwa akugwa limodzi ndi nyumba yawoyo, koma akuthamanga cham'mbali makilomita oposa 7 pa sekondi, moti dziko limapindika n'kuwathawa asanaligunde.

11. Ziwiri timazitha, zitatu zimatikanika

Dzuwa ndi pulaneti imodzi: wophunzira amathetsa funsoli pa masamba ochepa, n'kutulutsamo malamulo onse atatu a Kepler a kayendedwe ka mapulaneti. Masamu a Newton anafika potamika moti mu 1846 Urbain Le Verrier anawerengera pa pepala pamene pali pulaneti yosadziwika, ndipo Johann Galle ku Berlin, usiku wa tsiku limene analandira kalata yake, analoza makina oonera kutali pamenepo n'kupeza Neptune. Koma zinthu zitatu zikamakokana, palibe fomula yofotokoza kayendedwe kake konse.

Mfumu Oscar II ya Sweden ndi Norway inaika mphoto pa nkhaniyi, ndipo mu 1889 anapambana ndi Henri Poincaré. Nkhani yake ili kale kosindikiza, Lars Phragmén, amene ankaiwerenga, anafunsa za ndime zina zosamveka, ndipo Poincaré poyang'ananso anapeza cholakwa chachikulu. Sanabise. Analipira yekha kusindikiza kwa makope olakwikawo, ndalama zoposa mphoto imene analandira. Pokonza cholakwacho ndi pamene anatulukira chimene lero timati chaos: malamulo ndi okhwima, mulibe maula kapena mwayi, koma kusiyana kochepetsetsa poyambira kumakula mpaka kulosera kumakanika. Bamboyu ndimamulemekeza chifukwa cha kuvomera kwakeko kuposa mphotoyo.

Kuti muzione simufunika mapulaneti. Lumikizani timatabwa tiwiri ndi bawuti yomasuka, kamodzi mukapachike pa msomali. Tikwezeni m'mwamba n'kutisiya. Bwerezaninso, kuchokera pamalo amene maso anu akuti ndi omwe aja. Poyamba tivina monga poyamba paja, koma pakangopita masekondi ochepa gule asintha.

12. Chifukwa chimene energy siwonongeka anachipeza ndi mayi amene ankaphunzitsa ulere

Ku sekondale timauzidwa kuti energy silengedwa ndipo siwonongeka. Chifukwa chake sitiuzidwa. Anachipeza ndi Emmy Noether, m'nkhani imene inasindikizidwa mu 1918. Anaonetsa kuti paliponse pamene malamulo a chilengedwe sasintha iwe ukasintha kanthu kena, pamakhala chinthu china chosungika. Poti malamulowo lero ndi omwe anali dzulo, energy imasungika. Poti ndi omwewo ukasunthira kuno kapena uko, momentum imasungika. Poti sasamala kumene wayang'ana, angular momentum imasungika, ndipo n'chifukwa chake nguli sifuna kusiya kupota. Mfundoyi imatuluka mosavuta m'njira ya Lagrange ija, ndipo ndi mlatho wochoka m'kalasi muno kupita ku fizikisi ya tinthu ta mkati mwa atomu.

Mayiyu anaitanidwa ku Göttingen mu 1915 ndi David Hilbert ndi Felix Klein, koma akuluakulu ena a yunivesiteyo anakana kuti mkazi akhale mphunzitsi. Kwa zaka zinayi ankaphunzitsa osalandira malipiro, maphunziro ake akulengezedwa m'dzina la Hilbert. Mu 1933 boma la Nazi linamuchotsa ntchito chifukwa anali Myuda. Anapita ku Bryn Mawr ku America, ndipo anamwalira mu 1935 ali ndi zaka 53. Ine dzina lake ndinalimva koyamba ndili kale ku yunivesite, m'kalasi imene atsikana ake ukanawawerenga ndi zala za dzanja limodzi.

Inu aphunzitsi a fizikisi ku sekondale, tsiku limene mudzalembe pa bolodi kuti energy siwonongeka, mudzalembenso pambali pake dzina la Emmy Noether, ndipo mudzawauze atsikana a m'kalasimo kuti anali mayi.